Mabotolo Awiri ku Belén

Lolemba m'mawa, madzi a Itaya atakwera
mpaka pa sitepe yachitatu ya chipatala,
Nilton anatsika m'bwato la amalume ake
atakumbatira jumbo ya mabotolo awiri.
Lachisanu ndinamupatsa limodzi. Limodzi lokha.
Linalo linali la khofi, lotsukidwa mwaulemu,
papepala atalembapo ndi pensulo yobuntha:
Bujurqui Tapullima.

"Mng'ono wako?" ndinafunsa.
Anayang'ana kudenga, komwe kunali nalimata yekha.
"Amagona nane," anatero.
Sananame.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pa mpando uno,
diso lina lotsinzina, lina m'maikulosikopu,
kuwerenga zimene anthu amasiya osacheuka.
Za galu ndimazidziwa
chivindikiro chisanamasuke n'komwe.
Komabe ndinapaka pagalasi, n'kudonthezapo madzi amchere,
poti mwanayo anali chilili pakhomo
ngati wodikira chigamulo cha mlandu.

Botolo loyamba:
mazira ofiirira, okakala ngati khungu la chinanazi.
Ndinawerenga mpaka makumi anayi, ndinaleka.
Pakati pawo ena osalala, a chikamba chopyapyala,
a njoka zija zolowera kuphazi
n'kukakoleka mano m'matumbo, kuyamwa mwakachetechete.
N'chifukwa chake m'zikope mwake mwayera ngati chinangwa chosenda,
n'chifukwa chake mimba yatsogola
miyendo n'kutsalira m'mbuyo.

Botolo lachiwiri:
ubweya pang'ono, kafupa ka nsomba,
kenako osalala aja, mbee, ali ndandanda.
Mukanandisinthira magalasi awiriwo
sindikanadziwa la mwana ndi liti.
Galasi langa silifunsa kuti miyendo ndi ingati.

Ndimuuze chiyani? Samba m'manja?
Kuno madzi akasefukira
chimbudzi, msewu ndi bwalo la mpira
zimasanduka beseni limodzi.
Akaphwa, matope a pansi pa nyumba amasunga zonse,
amazifungatira ngati nkhuku,
ndipo phazi lililonse lopanda nsapato
ndi khomo losatseka.
Papepala la pakhoma pali mwana wovala nsapato zoyera
akusamba pampopi wonyezimira.
Mpopi wotere sindinauonepo kuno kumunsi.

Lamulo likuti m'bulu umodzi, munthu mmodzi.
Ndinauika m'dzanja lake, iye anafumbata msanga,
ndipo ndinaona masamu akuyenda m'maso mwake:
theka ine, theka iye.
"Tafuna pompano," ndinati, "ndikuone."
Anatafuna ngati akudya ndalama ya mnzake.
Misozi inali pafupi, koma osati chifukwa cha kukoma kwa choko.

Ndiye ndinang'amba tsamba kumapeto kwa kaundula,
ndinalembera mayi Zoila Pacaya, dokotala wa ziweto
amene ali kuseri kwa ogulitsa nthochi kumtunda,
ndinakulungamo masolesi atatu
amene ndimati ndikwerere njinga yamoto madzulo.
Tsiku limenelo ndinayenda wapansi,
bondo langa likunditukwana njira yonse.

Patatha milungu isanu ndinawaona pawindo.
Galu wachikasu, khutu limodzi lopindika,
akunyambita mwanayo pakamwa penipeni,
mwanayo akuseka, mapazi onse awiri m'matope.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe.
Ndinatsekanso.

Ndikudziwa kuti abweranso mvula ikatha.
Mazirawo sathamanga, amadziwa kudikira
kuposa ine, kuposa boma.
Ndasunga kale mabotolo awiri m'dirowa,
enieni, a chivindikiro chofiira.

Woyang'anira atabwera kumapeto kwa mwezi
chala chake chinaima pa mzere wina m'kaundula.
"Tapullima, B., zaka ziwiri. Sikelo yake ili kuti?
Katemera analandira?"
Ndinapukuta galasi langa pang'onopang'ono.
"Banja lake ndi lovutika," ndinatero,
"koma ali ndi mkulu wake amene amamusamala."
Nanenso sindinaname.